Lipoti la nkhani: a Sajeni, bokosi 28, ndi funso limene sindinalikonzekere bwino

Momwe nkhaniyi inandipezera

Fayiloyi inachokera kwa loya wina amene amathandiza mwaulere anthu amene kale anali asilikali a dziko la America. Ine ndine katswiri wa zamaganizo. Pa nkhani zamtunduwu ntchito yanga ndi kuyeza munthuyo, kuwerenga zonse zimene zinalembedwa za iye, kenako n'kulembera bungwe lounikanso zikalata za asilikali zimene ndapeza. Mwini nkhani ndiwatchula kuti a Sajeni, poti ndiwo udindo umene anatuluka nawo. Dzina lawo, kampu imene anali komanso dokotala amene anawayeza ndabisa, ndipo tina ting'onoting'ono ndasintha dala kuti asadziwike.

Loyayo anandipatsa mafunso atatu. Kodi pamene ankachotsedwa ntchito, a Sajeni analidi ndi vuto limene madokotala amalitcha personality disorder? Ngati analibe, chinkawasautsa n'chiyani? Nanga chinthucho chinali chitawafooketsa moti anayenera kupumitsidwa ntchito ngati wodwala, n'kumalandira penshoni? Awiri oyambawo ndinawayankha mosakayika. Lachitatulo ndilo landichititsa kulemba lipotili.

M'lipotili personality disorder ndizingoitchula kuti vuto la khalidwe, koma mawuwa asakusocheretseni. Satanthauza mwano kapena uchidakwa ayi. Akunena za kaganizidwe, kamvedwe ka mumtima ndi kakhalidwe ndi anthu kamene munthu amakula nako, kouma, kosasintha ngakhale asinthe malo, ndipo kamamusokonezera moyo paliponse, kunyumba, kuntchito ndi kwa anzake komwe.

Bokosi 28

Msilikali wa ku America akamatuluka ntchito amapatsidwa chikalata chotchedwa DD-214. Pa cha a Sajeni, bokosi 24 linkanena kuti anatumikira mwaulemu, honorable, ndipo pamwamba pa apa palibenso pena. Koma bokosi 25 linatchula ndime 5-13 ya malamulo ochotsera asilikali ntchito otchedwa AR 635-200, bokosi 26 linali ndi zilembo JFX, ndipo pa bokosi 28, pomwe amalembapo chifukwa chochotsedwera m'mawu oti aliyense amve, panali mawu awiri okha: Personality Disorder. Chikalatachi n'chimene olemba ntchito ambiri amapempha. A Sajeni anafunsirapo ntchito yozimitsa moto kawiri, ndipo kawiri konseko nkhani inathera pamene anapereka pepalalo. Palibe anawauza kuti chifukwa chake n'bokosilo. Iwo amakhulupirira choncho, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kufunsira ntchito iliyonse yofuna DD-214.

Palinso mbali ya ndalama. Malamulo a dipatimenti yoona za asilikali opuma, VA, pa 38 CFR 3.303(c), amati vuto la khalidwe si matenda kapena kuvulala koti munthu n'kulandirirapo chipukutamisozi. Nawonso asilikali saliwerengera ngati kulumala, motero wochotsedwa pa chifukwa chimenechi sadutsa kwa madokotala ounika ngati angathe kupitiriza ntchito, ndipo salandira penshoni ya odwala. Ngati analandira bonasi yosainira zaka zina zimene sanazimalize, angathe kuuzidwa kubweza gawo lake. A Sajeni anatuluka ndi ngongole yotero.

Sanali okha. Mu 2007 magazini ya The Nation inafalitsa nkhani ya Jon Town, msilikali amene anavulazidwa ndi roketi ku Ramadi m'dziko la Iraq, n'kulandira mendulo ya ovulala kunkhondo yotchedwa Purple Heart, kenako n'kuchotsedwa pa ndime yomweyi ya 5-13. Nkhaniyo inafika ku Nyumba ya Malamulo chaka chomwecho. Mu October 2008 ofesi ya GAO, imene imafufuza kagwiridwe ka ntchito za boma, inatulutsa zimene inapeza itawerenga mafayilo 371 a asilikali ochotsedwa motere, ndipo m'mafayilo ochuluka ndithu munalibe umboni woti malamulo a unduna wa zachitetezo anatsatidwa. Mu 2012 bungwe la Vietnam Veterans of America, mothandizidwa ndi ophunzira zamalamulo a ku Yale, linalengeza kuti asilikali oposa 31,000 anachotsedwa pa chifukwa chimenechi pakati pa 2001 ndi 2010. Malamulo anali atakhwimitsidwa mu August 2008: msilikali akakhala kuti anali kudera la nkhondo, dokotala wachiwiri atsimikize, nkhani ya PTSD (nthenda ya maganizo imene imabwera munthu akakumana ndi zoopsa) iunikidwe, ndipo mkulu wa madokotala onse a nthambiyo avomereze. A Sajeni anachotsedwa malamulo amenewa asanabwere.

Zimene zinali m'fayilo

Analowa usilikali ali ndi zaka 19. Pa kuyezedwa kolowera sipanalembedwe chilichonse chokhudza matenda a maganizo. Anatumikira zaka zisanu ndi theka, anapita ku Iraq kawiri, anakwezedwa mpaka kukhala sajeni woyang'anira anyamata anayi, ndipo analandira mendulo ya khalidwe labwino imene amapereka munthu akatha zaka zitatu osapalamula. Malipoti a mabwana awo, otchedwa NCOER, onse anali oyamikira. Limodzi linachita kunena kuti apatsidwe msanga udindo wokulirapo.

Paulendo wachiwiri, bomba lokwiriridwa m'mbali mwa msewu linaphulikira galimoto imene analimo. Mmodzi wa anyamata awo anafera pomwepo. Zolembedwa zachipatala za tsikulo ndi mzere umodzi wa msilikali wa chithandizo choyamba: mutu ukupweteka, m'makutu mukulira, wapatsidwa mapiritsi, wabwerera pantchito.

Pobwerera kwawo anadzaza fomu yofunsa za thanzi, DD 2796, ndipo ponseponse anayankha kuti ayi. Nditawafunsa chifukwa chake anaseka. "Adokotala, aliyense ankadziwa kuti ukachonga pa inde, anzako akupita ku holide iwe uli pamzere kuchipatala." Patatha miyezi inayi anadzaza fomu yachiwiri, DD 2900, ndipo apa anavomera kuti akulota zoopsa, akumadzidzimuka, ndipo akupewa chilichonse chowakumbutsa tsiku lija. Wolandira fomuyo analemba kuti atumizidwe kwa a zamaganizo. M'fayilo mulibe chosonyeza kuti anafikako.

M'miyezi itatu yotsatira zinthu zinagwa motsatizana. Anachedwa pa perete katatu. Anakalipira lefutenanti pamaso pa anthu. Anamenya khoma mpaka kuthyola fupa la dzanja. Akazi awo anachoka ndi mwana, mowa unachuluka, ndipo kaputeni anawatumiza kuti akayezedwe m'maganizo.

Kuyezako kunachitika tsiku limodzi, ndipo lipoti lake ndi tsamba limodzi ndi theka. Dokotalayo anapeza vuto la khalidwe losatchulidwa mtundu, nambala 301.9, lokhala ndi zizindikiro za mitundu imene amaitcha borderline (mtima wosakhazikika) ndi antisocial (kusalabadira malamulo ndi anthu ena). Za ubwana wawo analemba mizere iwiri: bambo ake anali chidakwa, anaimitsidwapo sukulu chifukwa cha ndewu. Za PTSD analemba kuti wakana, basi. Fomu ya DD 2900 sinatchulidwe. Bomba silinatchulidwe. Sanayezedwe ndi chipangizo chilichonse cha mafunso, ndipo palibe wachibale amene anafunsidwa.

Ndime 5-13 inkalamula kuti msilikali ayambe walangizidwa molembedwa pa zofooka zake, apatsidwenso mpata wokwanira woti asinthe, ntchito yomuchotsa isanayambike. Fomu yolangizira, DA 4856, inalipo, koma inasainidwa kutatsala masiku anayi kuti alandire kalata yowachotsa. Msilikali amene wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi pantchito amakhala ndi ufulu woti nkhani yake imvedwe pamaso pa gulu lapadera. Iwo anaperewera miyezi isanu ndi umodzi. Akuti anauzidwa kuti akasaina atuluka m'masabata ochepa ndipo VA iwasamalira, pamene njira ya madokotala iwasunga pakampu kwa miyezi yambirimbiri. Mawu amenewa salembedwa paliponse, choncho m'lipoti langa ndinawalemba monga zonena za mwini wake. Anasaina.

Patapita zaka, madokotala a VA anawapeza ndi PTSD, ndipo VA inavomera kuti inachokera ku ntchito, n'kuika kulumala kwawo pa 70 peresenti. Izi ndazitchula chifukwa ambiri ochotsedwa motere amaganiza kuti bokosi 28 limawaletsa kupempha ku VA. Siliwaletsa. A Sajeni anataya zaka zingapo asanadziwe zimenezi.

Kuyeza kwanga

Ndinakumana nawo katatu, maola pafupifupi asanu ndi awiri onse pamodzi. Pofufuza PTSD ndinagwiritsa ntchito chipangizo cha mafunso chotchedwa CAPS-5, pofufuza vuto la khalidwe china chotchedwa SCID-5-PD, ndipo ndinawonjezera MMPI-3 makamaka chifukwa cha zigawo zake zimene zimaonetsa ngati munthu akukokomeza kapena akubisa. Sanakokomeze. Ngati panali kupendekeka, kunali kwa kuchepetsa. Komabe kuyeza kwa lero kumanena za bambo wa lero, pamene funso linali la mnyamata wa zaka 24. Ntchito yaikulu inali yofukula kale lawo.

Buku limene madokotala ankatsatira nthawi imeneyo, DSM-IV-TR, linkafuna kuti khalidwelo likhale lokhalitsa, lionekere m'mbali zambiri za moyo, lilondoleke kubwerera mpaka pa unyamata kapena pamene munthu wangoyamba ukulu, ndiponso lisakhale chizindikiro cha matenda ena a maganizo kapena zotsatira za kuvulala m'mutu. Ndiye kuti dokotala akalemba kuti vuto la khalidwe, wanenapo za mbiri yonse ya munthuyo. Wati uyu anali chonchi kuyambira kale. Mawu oterewa amafuna mboni za kalelo, koma lipoti la tsamba limodzi ndi theka lija linali ndi mboni za miyezi itatu yokha.

Ndinalankhula ndi achemwali awo aakulu, mayi wa mwana wawo, komanso sajeni wamkulu wa kampani yawo amene tsopano anapuma. Sukulu ya sekondale inatumiza zolembedwa zake. Ndewu ija inalipodi: imodzi, ali ndi zaka 16, ndipo anaimitsidwa masiku atatu. Zaka zinayi zonse za pasukulupo palibenso china. Kuyambira zaka 16 mpaka 19 anagwira ntchito pasitolo imodzi yogulitsa zipangizo zomangira, osasinthasintha. Kuti munthu atchedwe antisocial pamafunika umboni wa khalidwe lophwanya malamulo ndi kuzunza ena loyamba asanakwanitse zaka 15, ndipo ndewu imodzi ya pa zaka 16 sifika pamenepo. Kunena za uchidakwa wa bambo awo, chimenecho n'chimene chinawachitikira, osati chimene iwo anali. Ubwana wovuta umadziwika kuti umawonjezera mpata wodwala PTSD munthu akadzakumana ndi zoopsa ali wamkulu, kotero mzere womwewo ukanatha kumulozera dokotala uja kwina.

Sizonse zimene ndinamva zinali zowakomera. Mayi wa mwana wawo anati, "Nsanje anali nayo kuyambira kale, ndipo mowa wa Loweruka sanauphunzirire ku Iraq." Achemwali awo anati, "Mlongo wangayu ndi wouma mutu. Ngakhale adwale bwanji sanena." Loya anandifunsa ngati zimenezi zikufunikiradi kulowa m'lipoti. Ndinati zilowa. Bungwelo lili ndi madokotala ake, ndipo lipoti lofotokoza za mngelo amalizindikira patsamba loyamba. Komanso nkhani yonse yagona pa kusiyanitsa timakhalidwe timene aliyense wa ife ali nato ndi vuto lenileni la khalidwe. Munthu wansanje, wouma mutu, wokonda mowa wa Loweruka, amene wasunga ntchito imodzi zaka zitatu, banja zaka zinayi, ndi udindo woyang'anira anzake kunkhondo, ali ndi zofooka. Kuti ali ndi matenda, umboni umenewu sukunena. Mayi uja anadzawonjezera mawu amene ndinawalemba momwe anawanenera: "Koma amene anabwera ulendo wachiwiri uja sindinamudziwe. Ankagona pansi pafupi ndi chitseko, nsapato zili kuphazi."

Mfundo yamphamvu ya mbali inayo ndinaiika ndekha patebulo ndisanafunsidwe. Moyo wausilikali uli ndi dongosolo lokhwima: umauzidwa nthawi yodzuka, chovala, polowera. Dongosolo lotereli limatha kubisa vuto la khalidwe kwa nthawi, n'kudzaonekera zinthu zikathina. Zimachitikadi, ndipo ndinaonapo asilikali amene vutoli analidi nalo. Koma dongosolo la pakampu silinawatsatire a Sajeni kusitolo kuja asanalowe usilikali, silinawatsatire kuchipinda kwawo, ndipo silifotokoza chifukwa chimene ulendo woyamba wa ku Iraq, umenenso unali wothina, sunatulutse kanthu. Zizindikirozo zinayamba nyengo imodzi yodziwika, pambuyo pa chochitika chodziwika, ndipo zinali zolembedwa kale pa fomu ya asilikali omwewo kutatsala miyezi itatu kuti dokotala awaone.

Panali mfundo ina imene loya ankafuna kuti ndiitsamire kwambiri, yoti atalandira chithandizo cha PTSD ku VA, kupsa mtima kunachepa ndipo sanadzivulazenso. Ndinaitchula koma mopepuka. Kafukufuku wotsatira odwala kwa zaka zambiri waonetsa kuti zizindikiro za borderline nazonso zimachepa munthu akamakula, motero kuchira kwa pambuyo pake sikutsimikizira zambiri monga momwe anthu amaganizira. Chiyambi ndicho chinali umboni wanga, osati mathero.

Ndinamaliza motere. Vuto la khalidwe silinakwaniritse zofunika za buku la nthawi imeneyo, ndipo silikukwaniritsanso lero. PTSD inalipo pamene ankachotsedwa, limodzi ndi vuto la mowa limene linakula pambuyo pa bomba. Za kuvulala kwa ubongo ndinangoti n'zotheka. A Sajeni amakumbukira kuti anakomoka pang'ono, koma mzere umodzi wa mutu ndi makutu sungandilole kunena zoposa pamenepo.

Khomo lolowera

Mlandu suola, koma makomo ena amatsekeka. Kuli mabungwe a mitundu iwiri. Loyamba, Discharge Review Board, limalandira fomu ya DD 293 pasanathe zaka 15 munthu atatuluka, ndipo lilibe mphamvu yopereka penshoni ya odwala. Kwa a Sajeni zaka 15 zinali zitadutsa. Lachiwiri ndi bungwe lokonza zikalata, Board for Correction of Military Records, limene limalandira fomu ya DD 149. Lamulo limati munthu apemphe pasanathe zaka zitatu atazindikira cholakwikacho, koma bungwelo lingathe kukhululukira kuchedwa ngati chilungamo chikufuna choncho, ndipo malangizo a mu February 2016 a Brad Carson, mmodzi wa akuluakulu a unduna wa zachitetezo nthawi imeneyo, anati pa nkhani za PTSD lizitero.

Bungweli limayamba ndi kukhulupirira kuti zimene boma linachita zinali zolongosoka, ndipo wopemphayo ndiye ayenera kuonetsa kuti panali cholakwika kapena kupanda chilungamo. Chimene chinapeputsa katunduyu ndi malangizo angapo otsatizana. Chuck Hagel, ali nduna ya zachitetezo, analamula mu September 2014 kuti nkhani za PTSD ziziunikidwa momasuka, mokomera wopempha pamene pali kukayika. Mu August 2017 Anthony Kurta, mkulu wina wa muundunawo, anafutukula zimenezi n'kuika mafunso anayi: kodi munthuyo anali ndi matenda kapena anakumana ndi chinthu chimene chingachepetse kulakwa kwake, kodi chinachitika ali pantchito, kodi chikuchepetsadi kulakwako, nanga kodi chikulemera kuposa chifukwa chimene anachotsedwera. Malangizo a Kurta ali ndi mfundo ziwiri zimene zinatithandiza kwambiri. Amati mawu oti kuchotsedwa akuphatikizapo chifukwa cholembedwa pa bokosi 28 ndi zilembo zake, osati mulingo wa ulemu wokha, zimene zinali zofunika poti wa a Sajeni unali kale wapamwamba. Amatinso umboni ukakhala woti ungaloze ku matenda awiri, uwerengedwe mokomera amene angapeputse nkhani ya wopemphayo. Mu July 2018 Robert Wilkie, nayenso wa muunduna womwewo, anawonjezera malangizo okhudza chilungamo ndi chifundo.

Loya anatsamiranso pa chigamulo cha khoti la apilo la Federal Circuit cha mu January 2023 pa mlandu wa Robert Doyon, msilikali wa panyanja wa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam amene anachotsedwa mu 1968 pa chifukwa chonga chomwechi. Khotilo linati kuunika momasuka kuja kumakhudzanso pempho losintha chifukwa chochotsedwera kuti chikhale cha matenda. Koma mu April 2024 unduna wa zachitetezo unatulutsa malangizo olekanitsa mafunso awiriwa, kuti funso loti munthu anali wolephereratu kugwira ntchito liziyesedwa palokha, pa muyeso wake wanthawi zonse. Pempho la a Sajeni linaweruzidwa malangizo amenewa atatuluka.

Funso lachitatu

Msilikali sapumitsidwa ngati wodwala chifukwa chongopezeka ndi matenda. Matendawo ayenera kukhala kuti akumulepheretsa kugwira ntchito za udindo wake. Ma 70 peresenti a VA sayankha funso limeneli, chifukwa VA imayeza momwe matenda akuchepetsera mphamvu ya munthu yopeza ndalama m'moyo wa kunja, ndipo inawayeza patapita zaka. Kusiyana kwa ndalama n'kwakukulu. Amene sanakwanitse zaka 20 pantchito akapezeka wolephera pa 30 peresenti kapena kuposa amalandira penshoni ya mwezi ndi mwezi ndi chithandizo chachipatala cha banja lake, koma pansi pa 30 amangopatsidwa ndalama kamodzi. Lamulo la 38 CFR 4.129 limati wochotsedwa chifukwa cha matenda a maganizo obwera ndi chochitika choopsa ayambire pa 50 peresenti kapena kuposa.

Bungwelo linapempha maganizo a katswiri wake wa zamaganizo, monga lamulo limafunira, ndipo linatitumizira kuti tiyankhepo. Katswiriyo anagwirizana nane pa mafunso awiri oyamba pafupifupi mawu ndi mawu. Pa lachitatu anatenga malipoti a NCOER omwe aja, amene ine ndinawadalira poonetsa kuti panalibe vuto la khalidwe, n'kunena kuti akuonetsanso msilikali wotha ntchito yake. Lipoti lomaliza linkafika mpaka miyezi iwiri atabwerako ku Iraq, ndipo linali loyamikira ngati ena onse. Sanagonekedwepo m'chipatala cha amaganizo. Sanapatsidwepo chikalata cha dokotala chochepetsa ntchito. Umboni wanga unali lupanga lakuthwa konsekonse, ndipo ine ndinali nditangoona mbali imodzi.

Poyankha tinati ndime 5-13 yomweyo inkafuna kuti dokotala atsimikize kuti vutolo ndi lalikulu moti msilikali sakutha kugwira bwino ntchito, ndipo dokotala uja anasainira zimenezo. Ngati kulepherako kunali koona, ndipo tonse tavomerezana kuti gwero lake linali PTSD, ndiye kuti kulephera chifukwa cha PTSD kunalembedwa kale ndi asilikali eni ake. Mfundoyi ndimaikhulupirirabe. Koma ili ndi malire, ndipo ndinawanena. Miyezi itatu ndi nthawi yochepa, ndipo a Sajeni anali asanalandire chithandizo chilichonse. Asilikali ambiri odwala PTSD amalandira chithandizo n'kupitiriza ntchito. Sindikanatha kulumbira kuti iwo akanakhala m'gulu la osachira. Chimene ndinalemba n'chakuti anayenera kupatsidwa chithandizo, ndipo chikanalephera anayenera kutumizidwa kwa madokotala ounika, koma mpata umenewu unatsekedwa ndi dzina la matenda lolakwika. Loya akanakonda kuti ndinene zoposa pamenepo. Sindinathe.

Chigamulo ndi zotsatira

Bungwelo linavomera mbali ina ya pempholo. Linalamula kuti mawu oti Personality Disorder achotsedwe, m'malo mwake palembedwe Secretarial Authority, mawu amene sanena kanthu za thanzi la munthu, ndipo zilembo JFX zikhale JFF. Linatinso nkhani ya bonasi imene anabweza iwerengedwenso. Penshoni ya odwala linakana, pa zifukwa zimene katswiri wake anapereka. Ndikayang'ana zimene tinali titapereka, sindingati linalakwitsa.

Cholakwa chimene ndingachiloze ndi changa. Lipoti langa linali ndi masamba khumi ndi limodzi okamba za funso loyamba, ndi tsamba limodzi ndi theka la funso lachitatu, utali wofanana ndendende ndi lipoti limene ndinkalidzudzula. Polankhula ndi sajeni wamkulu uja ndinawafunsa kwa ola lathunthu za momwe a Sajeni analili bomba lisanaphulike, chifukwa n'zimene ndinkasaka. Za miyezi itatu yomaliza ndinangofunsa zolakwa zimene zinali kale m'fayilo. Sindinafunse kuti tsiku ndi tsiku ankagwira ntchito yanji.

A Sajeni atalandira DD-214 yatsopano anaimbira bwana wawo wakale uja kuti amuthokoze, ndipo m'kucheza kwawo ndi pamene zinatulukira. Patangotha sabata ziwiri chichitikireni nkhani ya khoma ija, sajeni wamkuluyo anawachotsera anyamata anayi aja n'kuwapereka kwa wina, anawaletsa kugwira mfuti ngakhale pophunzira, ndipo anawakhazika pa desiki yoyankha mafoni mpaka tsiku lotuluka. Sanalembe paliponse, poti ankafuna kuwateteza kuti mbiri yawo isaipe. Nditawaimbira n'kuwafunsa chifukwa chimene sanandiuzire, anati, "Simunandifunse, adokotala. Ndipo ine ndinkaona ngati zimenezo zimuipitsira mnyamatayo."

Sajeni woyang'anira anthu amene walandidwa anthu ake ndi mfuti yake sakugwira ntchito za udindo wake, ndipo uwu ndi umboni weniweni umene funso lachitatu linkafuna. Lamulo limalola kupemphanso bungwe lomwelo kuti liunikenso ngati pali umboni watsopano umene silinauonepo. Loya ali ndi njira inanso ya ku Court of Federal Claims, khoti lomva milandu yofuna ndalama ku boma, imene ili ndi malire a zaka zisanu ndi chimodzi, koma wasankha kuyamba wabwerera ku bungwe. Sajeni wamkuluyo walemba kale mawu ake olumbirira, ndipo tikusaka msilikali amene anapatsidwa anyamata aja kuti akhale mboni yachiwiri. Ine ndikulemba lipoti lowonjezera lokamba za masabata khumi ndi limodzi a pa desiki ija. Ndawauziratu a Sajeni kuti umboni wosalembedwa pa nthawi yake, woperekedwa ndi munthu wowakonda patatha zaka zoposa 15, bungwe lingathe kuupeputsa, ndipo anati amva.